Nyanja ya M'galasi

Munthu wobadwira ndi kukulira m'chigwa cha Kasungu, kumene diso limayenda mtunda wautali pamwamba pa minda ya fodya osapeza choliimitsa kufikira litagunda phiri la Kasungu, nsomba amaidziwa monga ndiwo basi: usipa wouma wa pamsika, utaka wowamba wochokera ku Nkhotakota, kapena matemba ndi milamba imene anyamata amavuula m'madambo mvula ikayamba kukata. Munthu wotere akamva kuti ku Berlin, ku Chicago ndi ku Tokyo kuli anthu amene amataya ndalama zochuluka kuti asunge nsomba za m'nyanja yathu ya Malawi m'zipinda zawo zochezera, osati kuti tsiku lina adzadyere nsima iyayi, koma kuti azingozipenyerera zikusambira m'thanki yagalasi, angathe kuyesa kuti akumunamiza. Komatu nkhaniyi ndi yoona, ndipo nchomvetsa chisoni kuti mwana wa ku Germany angathe kutchula maina a nsomba za ku Likoma ndi ku Chizumulu, nalongosola maonekedwe ndi makhalidwe ake, pamene mwana wa kwa Santhe kapena wa ku Chamama, amene mvula yogwa pa denga la kwawo imakathera m'nyanja yomweyo, sadaonepo ndi imodzi yomwe ili yamoyo.

Luso losunga zamoyo za m'madzi m'galasi si lakale kwambiri. M'chaka cha 1850 katswiri wina wa sayansi wa ku London, dzina lake Robert Warington, adaonetsa kuti nsomba, zomera za m'madzi ndi nkhono zingathe kukhala pamodzi m'chotengera chimodzi nthawi yaitali, china chikukhalira moyo pa chimene chinzake chataya. Ndipo m'chaka cha 1853, mothandizidwa ndi Philip Henry Gosse, malo osungirako nyama a London Zoo adatsegula nyumba yoyamba yoti anthu wamba azikaonamo nsomba zamoyo. Kuyambira pamenepo lusoli lidakula pang'onopang'ono, kufikira lidafika pa ntchito imene ambiri amaiyesa yapamwamba ndi yovuta koposa zonse, ndiyo kusunga kachigawo ka matanthwe a m'nyanja yamchere pamodzi ndi makorali ake amoyo ndi tinsomba take. Abale athu amene adapita kukafuna ntchito ku South Africa, ngati adalowako ku uShaka Marine World ku Durban kapena ku Two Oceans Aquarium ku Cape Town, adaona ulemerero umene tikunena pano.

Korali, amene ambiri pomuona amamuyesa mwala wamaluwa kapena chitsamba cha pansi pa madzi, ndi khamu la tinyama tating'onoting'ono tofewa, kalikonse kokhala ndi kamwa lozingidwa ndi timanja. Ndipo tonse pamodzi timatenga laimu wosungunuka m'madzi ndi kumanga naye chigoba cholimba chimene timakhalamo. Tikafa, tinzake timamanga pamwamba pake, mibadwo ndi mibadwo, kufikira patakhala matanthwe aakulu onga a ku zilumba za Quirimbas ndi Bazaruto m'dziko la Mozambique. Chozizwitsa nchakuti m'thupi mwa tinyamati mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zimene zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, nizigawira mwini nyumba gawo lalikulu la chakudyacho, iye nazipatsa pogona. Pangano limeneli nlosachedwa kusweka, pakuti madzi akatentha ndi digiri imodzi yokha kuposa mmene amatenthera m'nyengo yachilimwe, nakhala chomwecho masabata angapo, korali amapirikitsa nderezo, nayera mbuu, ndipo kutenthako kukapitirira amafa ndi njala. Zotere zidaoneka kwakukulu m'chaka cha 1998, pamene matanthwe ambiri a ku Kenya, Tanzania, Seychelles ndi kumpoto kwa Mozambique adayera ndi kufa.

Tsono amene afuna kusunga cholengedwa chotere m'thanki ya malita 40 kapena 80 asenza katundu wolemera ndithu. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi magalamu 35 a mchere pa lita iliyonse, ndipo mcherewo si wothira m'ndiwo uja, koma msanganizo wa michere yambiri imene iyenera kugulidwa yosakaniza kale, ndi kusungunulidwa m'madzi osefedwa kotheratu. Madzi akamauma, mchere suuluka nawo, umatsala. Motero malita awiri okha akaphwa m'thanki ya malita 40, ukali wa mchere wakwera kale ndi gawo limodzi mwa magawo 20, ndipo mwini ayenera kubwezeramo madzi opanda mchere tsiku ndi tsiku. Kutentha kwa madzi kusachoke pakati pa madigiri 24 ndi 27. Nyali zamphamvu ziyake maola asanu ndi atatu kapena khumi. Mapampu azivundula madzi usana ndi usiku, popeza korali sangayende kukafuna chakudya kapena kuthawa zonyansa zake. Laimu amene akutha pomanga chigoba azibwezeredwa. Ndipo kachidutswa ka kopa kakangogwamo, makorali onse atha. Osadziwa amayesa kuti thanki yaing'ono ndiyo yosavuta, koma zoona zake nzakuti m'madzi ambiri cholakwa chimasungunuka nichichepa mphamvu, pamene m'madzi ochepa chimapha usiku umodzi.

M'kuganiza kwanga, ntchito imeneyi siyenera munthu wa ku Kasungu, kumene nyanja yamchere ili kutali makilomita mazanamazana, mchere wake ngoitanitsa kunja, ndipo magetsi angathe kuzima osalawira. Palinso mlandu wa chikumbumtima, pakuti tinsomba tambiri ta m'matanthwe a ku Philippines ndi Indonesia takhala tikugwidwa pothira chiphe cha cyanide m'mapanga mwake, chimene chimakomola nsomba nichipha makorali; ndipo makorali omanga matanthwe amatetezedwa ndi pangano la maiko la CITES, kotero kuti kuwaolotsa malire popanda chilolezo nkulakwira lamulo. Makolo adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mlengi sadatimane matanthwe athuathu, ndipo wochoka pa boma la Kasungu mmawa, natsata msewu wa M18 wotsikira ku Nkhotakota, amakafika kunyanja dzuwa lisanafike pamutu.

Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 560, ndipo pamalo pena kuya kwake kumafika mamita 700, ngakhale kuti nsomba zimakhala chakumwamba kokha, pakuti kupitirira mamita 250 kunsi kulibe mpweya wopuma. M'menemo muli mitundu ya nsomba yochuluka kuposa ya m'nyanja ina iliyonse yamadzi opanda mchere pa dziko lapansi. Akatswiri amati banja limodzi lokha, lija la chambo, utaka, chisawasawa ndi mcheni, limene iwo amalitcha Cichlidae, lili ndi mitundu yoposa 700, ena nati ifika 1,000, ndipo pafupifupi yonseyo sipezeka kwina kulikonse. Mwa iyo, yokongola koposa ndi ya tinsomba ta m'miyala timene Atonga a ku Nkhata Bay amatitcha mbuna: totalika masentimita 8 mpaka 12, tina tabuluu, tina tachikasu, tina tamizeremizere, tina tamawangamawanga. Mbuna sikonda kuoloka mchenga kapena madzi akuya. Imabadwira pa thanthwe lake nikafera pomwepo, ndipo nchifukwa chake chilumba chilichonse, ngakhale mulu wa miyala wobisika pansi pa madzi, chili ndi mitundu yakeyake.

Nsomba zoyamba za m'nyanjayi kulembedwa m'mabuku a sayansi zidatengedwa ndi John Kirk, mnzake wa David Livingstone, ndipo Albert Günther adazilongosola ku London m'chaka cha 1864. Mayi Ethelwynn Trewavas adazisanja m'magulu m'chaka cha 1935; koma amene adayamba kupenyetsetsa makhalidwe a mbuna zili kwawo ndi Geoffrey Fryer, amene adagwira ntchito ku Nkhata Bay nasindikiza zimene adapeza m'chaka cha 1959. Iye adaonetsa kuti chakudya chachikulu cha mbuna ndi ndere zoyanga pa miyala pamodzi ndi tizilombo tobisala m'menemo, ndi kuti mtundu uliwonse uli ndi kamwa loyenera madyedwe ake: Labeotropheus ali ndi kamwa loloza pansi ndi mphuno yonenepa, napala mwala atangogona chopingasa, Petrotilapia ali ndi milomo yodzala mano ang'onoang'ono opesera ndere, pamene Genyochromis mento adasiya ndere, nasanduka wobudula mamba ndi zipsepse za anzake. Pofika chaka cha 1983, Tony Ribbink ndi anzake, atamira m'magombe ambiri, adawerenga mitundu ya mbuna pafupifupi 200. Boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear m'chaka cha 1980 makamaka pofuna kuteteza nsombazi, ndipo bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 1984.

Malonda otumiza mbuna kunja adayamba m'zaka za m'ma 1960, ndipo dzina lodziwika koposa pa ntchitoyi ndi la Stuart Grant, amene kuyambira m'zaka za m'ma 1970 kufikira imfa yake m'chaka cha 2007 adali ndi malo ake ku Kambiri Point, pafupi ndi Senga Bay m'boma la Salima. Amuna a kunyanja odziwa kumira ndiwo adali kugwira nsombazo ndi timaukonde, nazikweza pang'onopang'ono zija za kozama kuti zisaphulike m'mimba, kenaka nizimangidwa m'matumba a pulasitiki okhala ndi madzi ndi mpweya wa okosijeni, nizikwera ndege kupita ku Ulaya. Masiku ano mbuna zambiri zogulitsidwa kunjako zimaswedwa komweko, m'maiwe a ku Florida ndi ku Asia ndi m'mathanki a ku Czech Republic, ndipo phindu lalikulu la cholowa chathuchi limadyedwa ndi ena.

Tsono tinene za kasungidwe kake, ndipo tiyambe ndi chinthu chimene oyamba kumene onse amapunthwa nacho. Wosunga nsomba ntchito yake yeniyeni ndiyo kusunga madzi. Madzi akakhala bwino, nsomba zimadzisunga zokha. Nsomba iliyonse imatulutsa chiphe chotchedwa amoniya kudzera m'makha, momwe imapumira, ndiponso m'ndowe zake, ndipo chakudya chotsala chikamaola chimaonjezera chiphe chomwecho. M'nyanja amoniyayo amamwazika m'madzi osawerengeka. M'galasi alibe kopita. Chopulumutsa ndi mabakiteriya a mitundu iwiri, osaoneka ndi maso, amene amamera pa miyala, pa mchenga ndiponso m'siponji ya sefa: oyamba amasandutsa amoniya kukhala naitraiti, amenenso ndi chiphe choletsa magazi kunyamula mpweya, achiwiri amasandutsa naitraiti kukhala naitreti, amene nsomba zingathe kumupirira ngati sachuluka, ndipo amachotsedwa potapa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi sabata iliyonse ndi kuthiramo atsopano. Lamulo limeneli ndi limodzi kwa thanki yamchere ndi yopanda mchere yomwe, koma kwa mbuna limakula mphamvu, chifukwa amoniya amalusa koposa m'madzi okhala ndi laimu, amene ndiwo madzi a mbuna.

Mabakiteriya amenewa sabwera tsiku limodzi. Amafuna masabata anayi kapena asanu ndi limodzi kuti achuluke mokwanira, ndipo nthawi yonseyo thanki iyenera kukhala yopanda nsomba, pampu ikuyenda, mwini akungoponyamo kachakudya pang'ono tsiku ndi tsiku kuti kaole ndi kudyetsa antchito osaonekawo. Apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa madzi amaoneka oyera mbee, mtima nufulumira. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Diso silingaone amoniya. Amamuona ndi timankhwala toyezera madzi timene timasintha mtundu, ndipo kufikira titaonetsa kuti amoniya ndi naitraiti zatheratu, nsomba isalowe. Mlimi wa fodya, amene amakonza nazale m'mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala, nathirira mbande mmawa ndi madzulo miyezi iwiri ndi kupitirira asanaokere ndi imodzi yomwe kumunda, kuleza mtima kotere ali nako kale. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo sefa ikada, siponji yake itsukidwe m'madzi otapa m'thanki momwemo, osati pampopi, kuopa kupha m'kanthawi kochepa chimene chidatenga masabata kuti chimere.

Madzi a m'nyanja yathu, powayesa pa muyeso wa pH umene pakati pake ndi 7, amakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo kutentha kwake pamwamba sikutsika kwenikweni pansi pa madigiri 23 kapena kukwera kwambiri kupitirira 28. Wa ku Kasungu ali ndi madzi a mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi chilema chake. A pampopi, ochokera ku Central Region Water Board, ali ndi klorini, amene amatiteteza ife ku matenda a m'mimba koma amaotcha makha a nsomba ndi kupha mabakiteriya. Ayenera kukhala m'chidebe chosavundikira tsiku limodzi kapena awiri, kapena kuthiridwa mankhwala ochotsa kloriniyo. A pamjigo, makamaka aja amene sopo sachita nawo thovu msanga, nthawi zambiri amakhala ndi laimu woyenera mbuna, koma amatuluka pansi alibe mpweya, ndipo ena amafiira ndi dzimbiri kapena kutenga feteleza wolowerera kuchokera m'minda. Nawonso agone m'chidebe ndi kuyezedwa. A mvula ndi a m'dambo ngofewa kwambiri, sachedwa kuwawasa, ndipo a m'dambo amabwera ndi misundu ndi matenda. Zigoba za nkhono zotsuka bwino kapena timiyala ta laimu, zikaikidwa m'sefa, zimathandiza kuti madzi asawawase.

Palinso ngozi ina imene mabuku a ku Ulaya sailabadira kwambiri, koma kwathu kuno ndi yaikulu. Nikotini wa m'fodya ndi chiphe choopsa kwa nsomba, ndipo munthu wochokera kothyola, kosoka kapena kosankha fodya amakhala ndi utomoni wake m'manja. Akapisa dzanja m'thanki asanasambe bwino ndi kutsukuluza sopo yense, angathe kupeza nsomba zili chagada mmawa mwake. Chimodzimodzi mankhwala opopera mbozi ndi ophera mphukira, mankhwala a udzudzu opopera m'nyumba, ndi utsi wa koilo: zonsezi zimatera pamadzi kapena kukokedwa ndi pampu ya mpweya. Ndowa ya nsomba ikhale ya nsomba yokha, isabwerekedwe kukasungunulira mankhwala a kumunda kapena kuchapira, ngakhale wobwerekayo akhale mlamu.

Chigwa cha Kasungu chili pamtunda wa mamita oposa 1,000, pamene nyanja ili pa mamita osakwana 500, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kuno umazizira mpaka kuyandikira madigiri 10, kuzizira kumene mbuna sidakuonepo chilengedwere. Chotenthetsera madzi nchofunika m'miyezi imeneyo. M'mwezi wa Okutobala vuto limatembenuka, pakuti madzi otentha sasunga mpweya wambiri, ndipo nsomba zikayamba kusonkhana pamwamba ndi kuyasamula, ndiye kuti zikubanika. Magetsi akazima, mwini afunditse thanki bulangete ngati kukuzizira, aleke kudyetsa, ndipo azitunga madzi ndi kapu ndi kuwatsanulira momwemo kuchokera pamwamba kuti atenge mpweya. Koma amene ali ndi sola ndi batire, monga nyumba zambiri za alimi zilili tsopano, achita bwino kulumikizako pampu ya mpweya, imene sidya magetsi ambiri.

Thankiyo isachepere malita 200, ndipo kutalika kwake kufike mita imodzi ndi masentimita 20. Ikadzala madzi, miyala ndi mchenga imalemera kupitirira makilogalamu 250, motero ifuna choikapo cholimba ndi cholingana, kutali ndi zenera lolowa dzuwa. Miyala iunjikidwe kuyambira pansi pa galasi mchenga usanathiridwe, chifukwa mbuna zimakumba, ndipo mwala wokhala pa mchenga ungagwe ndi kuswa galasi. Mapanga achuluke kuposa nsomba. Mbuna yaimuna imagwira dera lake niilonda mwaukali, ndipo atambala awiri salira m'khola limodzi: pa mtundu uliwonse pakhale yaimuna imodzi ndi zazikazi zitatu kapena zinayi, kuti ukali wake ugawike, ndipo mitundu yofanana maonekedwe isaikidwe pamodzi, chifukwa imamenyana ndiponso imakwerana ndi kubala ana osadziwika mtundu. Woyamba kumene ayambe ndi yofatsa, monga Labidochromis caeruleus wachikasu uja wa ku Lion's Cove, kumpoto kwa Nkhata Bay, amene lero ali m'masitolo a nsomba pafupifupi m'maiko onse.

Kudyetsa kumapha nsomba zambiri kuposa njala. Matumbo a mbuna ngotalika kangapo kuposa thupi lake, popeza adalengedwera kugaya ndere pang'onopang'ono tsiku lonse; ikapatsidwa nyama, mafuta, buledi kapena nyenyeswa za nsima, kapena ikakhala m'madzi akuda ndi mwamantha, imagwidwa ndi nthenda imene pa dziko lonse imatchedwa ndi dzina la dziko lathu, Malawi bloat. Nsomba imaleka kudya, nibisala, nitulutsa ndowe zoyera zonga ulusi, mimba nitupa, ndipo pakapita masiku owerengeka yafa. Chakudya choyenera ndi chogula chopangidwa ndi ndere za spirulina, kapena masamba ofewa a ndiwo ofutsa pang'ono, opanda mchere ndi osapoperedwa mankhwala, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, mlingo woti zimalize mphindi imodzi isanathe. Nsomba yatsopano isalowe msanga kwa zinzake. Iyambe yakhala payokha masabata atatu kapena anayi, kuti ngati yabwera ndi nthenda ya timadontho toyera pakhungu, kapena ina iliyonse, ionekere komweko.

Amene asunga zonsezi adzalandira mphotho yake, pakuti adzaona ndi maso chinthu chimene asodzi ambiri okalamba adangochiona mwa apo ndi apo pamene chambo chalavula ana m'ngalawa. Yaimuna imasesa kamalo pa mwala kapena pa mchenga, niwala koposa masiku onse, ninjenjemera pamaso pa yaikazi. Yaikaziyo imaikira mazira owerengeka, nitembenuka msanga ndi kuwatola m'kamwa. Ndipo poona timadontho tachikasu tonga mazira pa chipsepse cha kunsi kwa yaimuna, imayesa kutitolanso, ndipo pamenepo imamwa mbewu ya yaimuna, mazira nakhwimira m'kamwa momwemo. Masabata atatu amapita mayiyo ali ndi ana 10, 20 kapena 30 m'kamwa, pakhosi patatupa, akuwatembenuza kuti apeze mpweya, iye osadya kanthu, kufikira tsiku limene amawalavula pakati pa timiyala ali otha kusambira ndi kudzidyetsa.

Koma chifukwa chachikulu chimene ndalembera mutu uno anthu a ku Kasungu si kukongola kokha ayi. Mtsinje wa Bua, umene timaoloka pa msewu wa M1 pochokera ku Lilongwe, ndi mtsinje wa Dwangwa, umene umayambira chakunkhalango ya Kasungu, imatenga madzi onse a m'chigwa chino ndi kukawatula m'nyanja. Kale, pamene misuku, miombo ndi mitondo idaphimba dziko, nthaka idali yogwirika ndi mizu. Koma mitengo idagwa yambirimbiri, ina kukaotcha fodya m'mabalani, ina kukamanga zigafa, ina kuti minda ikule, ndipo makasu adafika mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Motero aliyense woima pa mlatho wa Bua m'mwezi wa Januwale amaona madzi ofiira, ndiyo nthaka ya minda yathu ili pa ulendo. Kumunsi, m'nkhalango ya Nkhotakota, matopewo amakwirira timiyala timene mpasa imaikirapo mazira ikakwera mtsinje kudzaswa, ndipo Bua ndi umodzi mwa mitsinje yowerengeka imene mpasa yatsalamo. Akafika m'nyanja amayenda ndi mafunde, natchinga kuwala, natera pa matanthwe, ndipo ndere zokwiririka sizimera. Ku zilumba za Maleri, kufupi ndi kumene mtsinje wa Linthipe umathira, madzi amada chomwechi chaka ndi chaka nthawi ya dzinja. Ndipo katswiri wa ku Malawi konkuno, Bosco Rusuwa, pamodzi ndi anzake a ku Japan, adalemba m'chaka cha 2006 za mmene matope akuonongera malo okhala nsomba za m'miyala.

Kuonongekako sikulekera pa njala. Mbuna yaikazi imazindikira mwamuna wa mtundu wake makamaka ndi maonekedwe a khungu lake, ndipo ku nyanja ya Victoria, Ole Seehausen ndi anzake adaonetsa m'chaka cha 1997 kuti kumene madzi adachita chimbuuzi, nsomba za banja lomweli zidalephera kusiyanitsa, mitundu nisakanizika, maonekedwe owala nazilala. Sindinena izi poloza chala mlimi kapena tenanti, pakuti fodya ndiye waphunzitsa ana ndi kufolera nyumba ndi malata, ndipo kwa zaka zambiri wabweretsa kuposa theka la ndalama zakunja za dziko lino. Koma munthu amene waona mmene kachakudya kotsala kamodzi kamadetsera malita 200, ndi mmene nsomba zake zimazilalira madzi akada, safunanso womuuza chifukwa chake alangizi amalimbikira za mizere yopingasa, za udzu wa vetiva, za zigafa zamoyo zomangidwa pa mitengo yodzala, ndi za kusiya tchire m'mphepete mwa mtsinje. Nchifukwa chake ndikhumba kuti sukulu za sekondale za m'boma lino, zimene zili ndi sola ndi mphunzitsi wa sayansi wachangu, zikhale ndi thanki imodzi yotere.

Potsiriza pali za kumene nsomba zichokera ndi kumene zipita. Kugwira nsomba za m'galasi m'nyanja kumafuna chilolezo cha Dipatimenti ya Zausodzi, ndipo m'madzi a Lake Malawi National Park, amene amafika mamita 100 kuchokera pagombe, nkoletsedwa kotheratu. Lamuloli lili ndi chifukwa chake. Kansomba kotchedwa saulosi, kamene kaamuna nkabuluu ka mizere yakuda ndipo kakakazi nkachikasu, kamapezeka pa thanthwe limodzi lokha la Taiwanee, chakumpoto kwa Chizumulu. Ad Konings adakalongosola m'chaka cha 1990, nakatcha dzina la Saulos Mwale, mmodzi wa amuna omira a Stuart Grant. Kadakondedwa kunja kotero kuti ogwira adatsala pang'ono kukatheratu, ndipo m'zaka za m'ma 2010 padafunika kuswa tina m'mathanki ndi kukatibwezera pa thanthwe lomwelo. Motero wogula afunse nsomba zoswedwa m'thanki, osati zogwidwa kunyanja.

Kubwezera kotereku kudachitika ndi akatswiri, pa malo enieni a mtunduwo. Si ntchito ya munthu aliyense. Zaka za m'mbuyomo wamalonda wina adataya ku chilumba cha Thumbi West, ku Cape Maclear, mbuna zimene adazitenga kumpoto kwa nyanja, ndipo zina mwa izo, monga Cynotilapia afra, zidakhazikika, nizichulukana, nizikwerana ndi eni malo. Madzi akatayika saoleka, ndipo kufikira lero palibe amene angazichotse. Chifukwa chake ana a m'thanki akachuluka, monga adzachulukadi, asatayidwe m'damu, m'dambo, mu Bua kapena m'nyanja, ngakhale makolo awo adachokera komweko, popeza angatenge matenda a m'galasi kapena kukafika pa thanthwe losakhala lawo. Apatsidwe kwa wina amene thanki yake yatha masabata ake asanu ndi limodzi, pamodzi ndi kapepala kolembapo dzina la mtunduwo ndi malo a kunyanja kumene udachokera.